Kodi chithunzi chopanda kamera n'chithunzi ndithu?

Mayi ena a ku Zomba anditumizira imelo sabata yatha. Akuti anaona pa intaneti masamba oyera pa pepala la buluu, pansi patalembedwa kuti sanajambulidwe ndi kamera. Afunsa kuti: "Kodi zimenezi tingazitche zithunzi? Nanga bwanji ndikafufuza zithunzi zakale ndimangokumana ndi matchalitchi okhaokha?"

Mayi, inde, n'zithunzi ndithu, ndipo zinabadwa limodzi ndi zithunzi za kamera. Mu 1834 William Henry Fox Talbot wa ku England ankapaka pepala madzi a mchere ndi mankhwala a siliva, n'kusanjikapo tsamba kapena kansalu ka lesi, n'kuyanika padzuwa. Pamene dzuwa lamenya, pepala linkada. Pamene tsamba laphimba, pankatsala poyera. Kamera ndi bokosi longolondolera kuwala basi. Wojambula weniweni ndi kuwalako.

Zabuluu munaonazo amazitcha cyanotype. Njirayi anaitulukira John Herschel mu 1842, ndipo chaka chotsatira Anna Atkins anayamba kutulutsa buku la ndere za m'nyanja lomwe chithunzi chilichonse anachipanga pamanja. Ambiri amati ndi buku loyamba kukhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi kuwala. Ine ndimamulemekeza kwambiri mayiyu, chifukwa anakhala pantchitoyi zaka 10, tsamba ndi tsamba.

Ndinayesapo pakhonde panga. Mumasakaniza mankhwala awiri, ferric ammonium citrate ndi potassium ferricyanide, n'kupaka pepala m'chipinda chamdima pang'ono. Likauma limaoneka lobiriwira ngati ndimu yosapsa. Ndinasanjikapo tsamba la chinangwa, n'kupanikiza ndi galasi la pazenera, n'kuika padzuwa la masana. Pakadutsa mphindi 15 pepala limasanduka lotuwa, losasangalatsa m'pang'ono pomwe. Koma mukaliviika m'beseni la madzi, kubiriwira kuja kumasukuluka, buluu n'kumatuluka pang'onopang'ono, zala za tsambalo zili mbee, m'mbali mwake muli chakuthwa ngati mwadula ndi lezala. Nthawi imeneyo ndinaiwala kuti nsima ili pamoto. M'zaka za m'ma 1920 akatswiri ojambula Man Ray ku Paris ndi László Moholy-Nagy ku Germany anabwerera ku njira yopanda kamerayi mwadala, makamera ali mbwee.

Tsopano za matchalitchi. Mapepala akalewo ankachedwa kugwira kuwala, moti kamera inkakhala yotsegula mphindi zingapo. Munthu akasuntha pang'ono ankangosiya chizimezime, kapena kusowa kumene. Tchalitchi sichigwedezeka, sichiphethira, sichitopa. Negativu (chithunzi chomwe poyera pamaoneka pakuda, pakuda poyera) yakale kwambiri ya Talbot yomwe ilipo mpaka lero, ya mu Ogasiti 1835, ndi zenera la nyumba yake ya Lacock Abbey, yomwe kale inali nyumba ya masisitere, ndipo kachithunziko n'kakang'ono ngati sitampa. Chifukwa china n'chakuti boma linkafuna umboni. Mu 1851 dziko la France linatuma ojambula asanu kukajambula nyumba zakale zofunika kukonzedwa, ndipo Henri Le Secq anajambula matchalitchi akuluakulu monga a ku Reims ndi Strasbourg.

Koma amene anafika pamtima pa nkhaniyi, kwa ine, ndi Frederick Evans. Anali wogulitsa mabuku ku London, n'kusiya sitolo mu 1898 kuti azingojambula. Ankatha masiku akuzungulira tchalitchi chimodzi, kuonetsetsa mmene kuwala kumayendera pazipilala m'mawa ndi madzulo, asanatsegule kamera. Mu 1903 anajambula masitepe a mu tchalitchi chachikulu cha Wells Cathedral ku England. Miyalayo inadyeka pakati ndi mapazi a anthu a zaka mazanamazana, ndipo m'chithunzicho masitepe akuoneka ngati mafunde akutsikira kwa inu. Munthu mulibe ngakhale mmodzi, komabe mumamva anthu onse amene anapondapo. Ankachapa zithunzi zake pa pepala la pulatinamu, lomwe limasunga utuwa wofewa wa mwala.

Mayi, ku Blantyre si kutali ndi kwanu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa ndi njerwa kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogoleredwa ndi David Clement Scott, yemwe sanaphunzire za mapulani a nyumba. Pemphani chilolezo, mulowe tsiku lopanda mapemphero, mukhale pabenchi ola lathunthu foni ili m'thumba. Muone pamene kuwala kwa pazenera kwagwera mukulowa, ndi pamene kwafika olalo litatha. Mukatero, tulutsani foniyo.