Akatswiri akale abwere kudzakweza anzawo, osati kuwalanda malamba

Pa masewero ogwetsana a wrestling, katswiri wakale akabwerera mu ring, ntchito yake ikhale yokweza anyamata amene amamenya sabata ndi sabata. Dzina ali nalo kale, palibe chimene lamba angamuwonjezere.

Ndaonera masewero a kampani ya WWE zaka zambiri, ndipo chionetsero chake cha Fastlane cha 2017 chimandiwawabe mpaka lero. Kevin Owens anasunga lamba wa Universal miyezi yoposa 6, koma Goldberg, katswiri wakale amene anabwerera, anamugwetsa m'masekondi 22 okha. Mu 2020 ku Riyadh, Goldberg yemweyo anagonjetsanso The Fiend, munthu amene kampani inatha miyezi ikumumanga kuti aziopedwa. Nkhalambayo ikabwerera kwawo, wotsala pa TV ndi amene anthu amuona akugwa ngati thumba la ufa. Ndiye mudzamugulitsa bwanji mawa?

Onani Hulk Hogan, katswiri wina wakale, ku Toronto mu 2002. Anthu ankamuchemerera kwambiri, komabe anagonja kwa The Rock n'kumugwira chanza pamaso pa onse. Sting nayenso, katswiri wakale, ku kampani ina ya AEW anayenda limodzi ndi mnyamata Darby Allin mpaka anapuma mu 2024. Sanagonje, koma kuwala kwake kunkagweranso pa mnzakeyo. Choncho kukweza munthu sikutanthauza kugonja nthawi zonse ayi.

Koma zoti thupi la katswiri wakale lingathebe kumenya kapena ayi, chigamulo chikhale cha madokotala, osati cha ife ochemerera. Mu 2019 ku Jeddah, Goldberg anavulala mutu akulimbana ndi Undertaker, ndipo masewerowo anatsala pang'ono kutha ndi ngozi yaikulu.