Yankho kwa achemwali amene mayi awo apezeka ndi magineziyamu wochepa

Achemwali, pepani ndi matenda a mayi. Mwati kuchipatala anawapeza ndi magineziyamu (mchere wina wofunika m'thupi) wochepa m'magazi, miyendo ikumawakokana usiku, manja akuchita dzanzi, ndipo mukufunsa zomwe mungachite pakhomo. Zochita zilipo, koma ine ndayamba kuima pa zomwe mwangotchula modutsa, zoti mayi akhala akumwa omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, kwa zaka zingapo pamodzi ndi mapiritsi a BP.

Omeprazole akamwedwa nthawi yaitali amachititsa kuti matumbo asamayamwe bwino magineziyamu wa m'chakudya. Mapiritsi ena a BP okodzetsa, monga hydrochlorothiazide ndi furosemide, amamutaya kudzera mumkodzo. Ndiye mukhoza kuwaphikira mayi zabwino zonse koma osasintha, chifukwa muli kutungira madzi mumtsuko wobooka. Musawasiyitse mankhwala panokha, chonde, makamaka a BP. Tengani mapaketi onse ndi buku lawo lakuchipatala, mukawafunse adokotala ngati omeprazoleyo akufunikabe komanso ngati angasinthe enawo. Mupemphenso kuti ayeze michere ina ya m'magazi, potaziyamu ndi kashiamu, komanso impso, popeza magineziyamu akatsika, potaziyamu ndi kashiamu amatsika naye. Kutsegula m'mimba kosatha, shuga wosalamulirika ndi mowa nazonso zimamutaya, muwauze adokotala ngati china mwa izi chilipo.

Kukhitchini sikufuna ndalama zambiri. Mayi wamkulu amafunika mamiligalamu pafupifupi 320 patsiku. Nthanga za maungu, zomwe ambiri timangotaya tikamasema dzungu, ndizo zili patsogolo: kadzanja kamodzi kokazinga, magalamu ngati 30, kamapereka mamiligalamu pafupifupi 150. Zitsukeni, muziyanike pa lichero, muzikazinge pamoto wochepa mpaka ziyambe kuthetheka. Ngati mano a mayi savomera, zisinjeni muzithira m'phala. Mtedza, chitowe, nyemba, khobwe ndi soya zilinso bwino. Bonongwe ndi nkhwani muzitendera ndi nsinjiro, ndipo muphike ndi madzi ochepa kuti pasakhale otaya, chifukwa gawo lina la mcherewu limatsalira m'madzimo. Nsima ikhale ya mgaiwa. Ndikudziwa kuti akuluakulu ena amaukana mgaiwa, amati ndi wa nthawi ya njala, koma pokonola chimanga magineziyamu wambiri amapita ndi madeya. Yambani n'kusakaniza ndi ufa woyera pang'onopang'ono. Nthochi ndi yabwino, koma imodzi ili ndi mamiligalamu ongopitirira pang'ono 30.

Za mapiritsi a magineziyamu ogula ku famase, ndikupempheni kuti mudikire zotsatira za impso. Impso zofooka zimalephera kutulutsa wotsala, ndipo akachuluka m'magazi amafooketsa thupi ndi mtima womwe. Adokotala akavomera, tsatirani mlingo womwe anena. Wamtundu wa oxide amakonda kutsegula m'mimba, choncho kumwa ndi chakudya komanso kugawa kawiri patsiku kumathandiza. Epsom salt, mchere wa magineziyamu womwe ena amalangiza, musawamwetse, ndi mankhwala otsegulira m'mimba. Thanzi ORS ndi wofunika munthu akamatsegula m'mimba, koma mulibe magineziyamu.

Kwa ena owerenga amene muli pa ma ARV okhala ndi dolutegravir: magineziyamu, ngakhale wa m'mapiritsi otafuna a chilungulira aja, amatchinga mankhwalawa kuti asalowe bwino m'thupi. Imwani ARV maola 2 musanamwe magineziyamu, kapena maola 6 mutamwa magineziyamuyo. Mankhwala opha mabakiteriya a ciprofloxacin ndi doxycycline nawonso safuna kumwera limodzi ndi magineziyamu.

Mayi akayamba kumva mtima kugunda modumphadumpha, zala kupindika n'kuuma, kusokonezeka mutu, kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu, imeneyo si ya pakhomo. Pezani galimoto usiku womwewo, pamenepo amafunika magineziyamu wa mudiripi. Akakhala kuti ali bwinobwino, funsani tsiku lokayezanso magazi musanatuluke m'chipinda cha adokotala, mulilembe m'buku lawo lija.