Musamatepo silikoni achimwene, keel si bafa yodontha

Achimwene, nditaona zithunzi za pansi pa boti lanu zomwe mwaponya pofunsa chochita, mtima unangoti myuu. Ming'alu yoyenda ngati ukonde wa kangaude mozungulira manati a keel (chipsepse cholemera chomangidwa ndi mabawuti kunsi kwa boti kuti lisagadabuke), dzimbiri likuchucha chonchija, ndinaziona pa boti langa lomwe. Chonde musamvere amene akuti ingomatanipo silikoni mulowe m'madzi. Ine ndinamvera zoterozo.

Langa ndi boti la matanga lakalekale, mafiti 26, la fibreglass (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi), keel yake yachitsulo. Ndinaligula motchipa kuno ku Clyde, ku Scotland, chifukwa chosowa nyanja yakwathu. Mu Okutobala 2017 ndinalitulutsa m'madzi, n'kulipira anthu a pa yard ina (malo osungira ndi kukonzera maboti) kuti aliphimbe ndi kumaliyang'ana, poti ine ndinali pa mashifiti ausiku. Lona anangoliponya pamwamba, mphepo n'kulichotsa, masamba n'kutseka mabowo otulutsira madzi, mvula yonse ya ku Scotland n'kumathera m'kati. Palibe anandiimbira foni. Kenako kumapeto kwa Febuluwale 2018 kunabwera chisanu chija anachitcha Beast from the East.

Nditapita mu Malichi n'kutsegula matabwa a pansi, ndinapeza chimwala cha ayezi, manati akuonekera m'katimo ngati nsomba za mufiriji. Ife okulira kotentha sitidziwa kuti madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti. Amalowa pakampata kakang'ono pansi pa washala (kachitsulo kobulungira ka pansi pa nati), usiku aundana n'kukankha, masana asungunuka n'kulowa m'kati kwambiri, mawa chimodzimodzi. Ndipo ndi madzi a mvula, amaundana pa 0, osati a mchere amene amadikira mpaka cha m'ma -2.

Mkulu wa pa yardyo anangosuzumira kamodzi, manja ali m'thumba, n'kunena kuti ndi khungu lapamwamba chabe lang'ambika. Anapakapo phala lake, anakungitsa manati, ndalama ndinapereka. Mu Meyi tinalowa m'madzi, ine ndi mwana wanga wamkazi, nthawi imeneyo ali ndi zaka 11. Mphepo inali yabwinobwino. Boti litangopendekeka ndinamva kuti gu pansi pa mapazi, osati mokweza, koma mawondo anazizira. Tikakhota, gu. Ndinatsegula thabwa, madzi ali nyezinyezi mozungulira nati yakutsogolo. Ndinaviika chala n'kulawa. Mchere. Achimwene, sindidzaiwala kukoma kumeneko. Ndinatsitsa matanga manja akunjenjemera, injini inalira ulendo wachitatu, mwana ndinamupatsa pampu yamanja n'kumuuza kuti tikungoyesa ngati ikugwira. Iye ankapopa akuwerenga mokweza, osadziwa kanthu. M'mutu mwanga munali Cheeki Rafiki yokha, boti lija linathothoka keel pa Atlantic mu Meyi 2014 likuchokera ku Antigua kupita ku Southampton, anthu anayi osapezekanso. Keel ikachoka boti limagadabuka nthawi yomweyo, mulibe mpata wovala ngakhale jekete.

Atalinyamula botilo pa malamba kulitulutsa m'madzi, ndinakankha keel ndi dzanja limodzi, inagwedera. Kutsogolo kunali mpata wolowa khadi la ku banki. Titazula bawuti yoyamba, pamwamba inali yonyezimira bwino koma pakati itadyeka, yatsala ngati pensulo. Stainless, chitsulo cha mabawutiwo, imachita zimenezo ikakhala malo onyowa opanda mpweya, imadyeka kobisika. Ndiye munthu uja anakungitsa nati pa chinthu chotero, pa fibreglass yoti ayezi anaitakasa kale! Nditamufunsa anandiyankha ngati mwana, akuti maboti akale ndi choncho, mukanagula latsopano. A inshulansi nawo anandiwerengera kamzere kakuti za chisanu salipira. Mpaka lero ndikadutsa pa geti lawo m'mimba mumatentha.

Ndinakonza ndekha ndi mnzanga wina wopuma pantchito, chilimwe chonse chinapita. Tinatsitsa keel, tinapala ndi grinder mpaka kufika poyera popanda mng'alu, kupala mopendeketsa, kutambalala kwake ka 12 kuyerekeza ndi kunenepa kwa khoma la botilo. Chovuta chinali kudikira kuti paume. Masabata angapo, kutsuka ndi madzi abwino kuchotsa mchere, kuumitsanso. Epoxy, guluu womatira nsalu za galasi, pa chinyontho sagwira, pozizira kwambiri sauma bwino. Kenako nsalu za galasi zingapo, mabawuti atsopano, zitsulo zazikulu pansi pa manati m'malo mwa timawashala tija, n'kukhazika keel pa Sikaflex yatsopano, phala lomata lotchinga madzi.

Koma inu musagwire nokha. Ndikunenetsa. Itanani surveyor, katswiri woyeza maboti, wodziimira payekha, osati mnzake wa a pa yard, agogode ndi kahamala, pamene pafumbutuka pamalira mogonthoka, ayezenso chinyontho ndi makina, alembe papepala. Ntchitoyo mupatse odziwa, ngakhale kuti kwa ine munthu wa pa yard sadzakhudzanso boti langa. Musakungitse manati musanadziwe chomwe chili pansi pake. Ngati keel yanu ndi yachitsulo, kawirikawiri mabawuti amazuka imodziimodzi boti litakhazikika pansi. Ngati ndi ya mtovu, ambiri anawaumbira momwemo, sazuka, imeneyo ndi nkhani ina yodula.

Mukamaliza boolani kabowo kotsekera kotulutsira madzi pamalo otsikitsitsa a botilo, muzitsegula boti likakhala kumtunda, mungokumbukira kutseka musanalowe m'madzi. Pansi pa matabwapo thiranipo antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana, yapinki ija yopanda poizoni, ndipo muzipita nokha ikagwa mvula yamphamvu, musadalire munthu.

Tajambulani kunja pomwe keel yakumana ndi mimba ya boti, makamaka kutsogolo ndi kumbuyo, muponye pano. Mutiuzenso ngati maginito ikugwira pa keel yanuyo, kuti tidziwe ngati ndi yachitsulo kapena ya mtovu. Ndipo ana musawakweze kaye.