Achemwali, mtengo wa sitimayo muziuwerengera pa Chitakale

Achemwali, ndaona funso lanu. Mwati mukufuna kukakwera sitima yapamadzi yokayenda kocheza panyanja, yonyamukira ku Durban, pa Khirisimasi, inu, bambo a kunyumba ndi ana awiri, ndipo mwaona mtengo wotsika pa Facebook, ndiye mukufunsa ngati mulipiretu usanakwere. Ine ndi bambo akwathu tinapitako mu February 2024. Yankho langa ndi loti musatumize kaye ndalama sabata ino. Tengani kope ndi cholembera, muyambe mwawerengera ulendo wonse, kuchokera pokwerera minibasi pa Chitakale mpaka kudzatsika pa Chitakale pomwepo. Mtengo wa pa chithunzi uja ndi mutu chabe, thupi lili m'madzi.

Choyamba, mtengowo ndi wa munthu mmodzi, ndipo amawerengera kuti m'chipinda mugona akuluakulu awiri. Komanso ndi wa chipinda chotchipitsitsa, pa tsiku lotchipitsitsa la nyengo yonse, osati pa Khirisimasi. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa padoko, inshuwalansi, ndi ndalama ya ogwira ntchito m'sitima imene amawerengera munthu aliyense usiku uliwonse. Aliyense amene akukugulitsani tikiti, muuzeni akulembereni mtengo umodzi wophatikiza zonsezi, wa anthu anayi. Akayamba kuzungulirazungulira, musiyeni.

Kampani imene imayendetsa maulendo ambiri a ku Durban ndi MSC Cruises, ndipo nyengo yake imayamba cha mu November mpaka cha mu April. Maulendo afupiafupi ndi a masiku atatu kapena anayi, opita ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo, kapena ku Pomene, konseko ndi ku Mozambique. Aliponso ochokera ku Cape Town opita ku Walvis Bay ku Namibia, ndi ataliatali opita ku Mauritius ndi Réunion. Pa atali amenewa chenjerani: Réunion ndi dera la France, ndiye pasipoti yathu imafunika viza. Ku South Africa ndi ku Mozambique ife Amalawi timalowa popanda viza tikamapita kokacheza masiku ochepa, bola pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala isanathe. Onani mapasipoti anayi onsewo lero, makamaka a ana.

Tsopano nkhani yaikulu, ya tsiku. Pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano ndi pamene sitimayi imadula kuposa nthawi ina iliyonse, chifukwa sukulu za ku South Africa zimakhala zitatsekera kuyambira mu December mpaka pakati pa January, ndipo mabanja a ku Johannesburg onse amathamangira kunyanja. Si sitima yokha imene imakwera. Ndege imakwera, basi imakwera, malo ogona ku Durban amakwera, ndipo pa Beitbridge, malire a Zimbabwe ndi South Africa, pamakhala mzere wosaona kumapeto. Mukasankha December mwasankha kulipira modula kanayi. Chipinda chomwecho, chakudya chomwecho, chilumba chomwecho, mu November kapena kuyambira kumapeto kwa January mpaka March kunja kwa Pasaka, chimatsika ndithu. Palibe kunenerera kulikonse kumene kungakutsitsireni mtengo kuposa kungosuntha tsiku.

Ndikudziwa munena za sukulu ya ana. Apo mupime nokha, ine sindingakulamulireni. Koma dziwaninso kuti walira mvula walira matope: January mpaka March ndi nyengo ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa, Freddy wa mu March 2023 tikumukumbukira tonse. Pa Portuguese Island ndi pa Pomene sitima sifika kumtunda, imaima patali ndipo anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Mafunde akakula, woyendetsa sitima amatha kunena kuti lero palibe wotsika, ndipo mumangochiona chilumbacho ndi maso. Ife tinatsika bwinobwino, koma zimachitika. Mukanditi ndisankhe, ndingatenge November: mtengo usanakwere, anamondwe asanachuluke.

Pa chipinda musadzivute. Tengani cham'kati chopanda zenera, chimene pa webusaiti amachilemba kuti inside. Chakhonde loyang'ana kunyanja n'chokongola, sindikana, koma pa ulendo wa masiku atatu m'chipinda mumangolowamo kukasamba ndi kukagona. Nyanja mumaionera pamwamba pa sitima, ulere. Palinso mtengo umene MSC imautcha Bella, wotsika kuposa ina, umene kampani ndiyo imakusankhirani chipinda. Kwa anthu awiri palibe vuto. Kwa inu anayi funsitsani kuti chipindacho n'cha mabedi anayi, chifukwa zotere zimakhala zochepa ndipo zimatha msanga. Kampaniyi imakondanso kulengeza kuti ana osakwana zaka 18 ogona chipinda chimodzi ndi makolo salipira tikiti. Apo pali phindu lenileni, koma "ulere" umenewo sukhudza msonkho wa padoko ndi inshuwalansi, ndipo si ulendo uliwonse umene amachita zimenezi. Muone zalembedwa pa tsiku lanulo.

Kumene ine ndinapsa ndi pa kwacha. Tinalipira dipoziti mu October 2023, n'kumati zotsalazo tidzamaliza tikalandira za banki m'khonde mu December. Mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mtengo wa sitima mu marandi sunasinthe ngakhale pang'ono, koma kwa ife ngongole yotsala ija inafufuma usiku umodzi ngati mandasi. Tikiti ya ndege tinali tisanagulenso, nayo inatipeza. Bambo akwathu anakhala masiku awiri osayankhula za Durban. Ndiye anzathu a ku South Africa akamalangizana kuti lipira pang'onopang'ono, kapena dikira mitengo ya kumapeto sitima ikatsala pang'ono kunyamuka, malangizo amenewo ndi awo. Iwo ali ndi randi m'thumba ndipo Durban amafikako pa galimoto. Ife timalandira kwacha, tikufunika ndege kapena basi, ndipo ndalama zakunja ku banki sizipezeka tsiku limene wazifuna. Mukapeza tsiku labwino ndi mtengo wathunthu, lipirani zonse mwachangu mmene mungathere, ndipo tikiti yopitira ku Johannesburg muigule sabata yomweyo.

Musanatero, pitani ku banki yanu pa Boma mukafunse kuti khadi lanu likuloledwa kulipira ndalama zingati kunja pa mwezi. Ambiri amakakamira pamenepa: ndalama mu akaunti zilimo, koma khadi likukana. Ngati muli ndi m'bale wodalirika ku Joni, nthawi zina zimaphweka kuti iye alipire mu marandi inu n'kukonza naye. Ndati wodalirika, achemwali. Mukudziwa abale athu ena.

Nthawi yogula imene ndaona kuti imathandiza ndi iwiri: nyengo yatsopano ikangotsegulidwa, miyezi yambiri ulendo usanafike, ndi kumapeto kwa November pa Black Friday, tsiku limene makampani amatsitsa mitengo. Koma Black Friday ya chaka chino singakuthandizeni pa ulendo wa Khirisimasi ya chaka chino, zipinda za anayi zimakhala zitapita kale. Ingakuthandizeni pa ulendo wa February kapena March.

Za tsamba la pa Facebook lija. Sindikunena kuti ndi akuba, sindikuwadziwa. Koma tsegulani webusaiti ya kampani ya sitimayo, ya ku South Africa, muike tsiku lomwelo ndi chipinda chomwecho, muone mtengo wake. Ejenti weniweni mtengo wake sutalikirana kwambiri ndi umenewo, chifukwa iye amadyera pa komishoni imene kampani imamupatsa. Amene akukupatsani theka la mtengo, n'kumati mutumize ndalama pa nambala ya foni ya munthu lero lomwe, ameneyo ayi. Mukalipira dipoziti, ejenti akupatseni nambala ya bukingi, ndipo inu nokha muilowetse pa webusaiti ya kampani muone mayina anu anayi akutuluka, olembedwa monga alili m'pasipoti. Funsaninso tsiku lomaliza kulipira, ndi ndalama zimene zimadulidwa mukalephera kupita. Safunsa anadya phula.

Ulendo wokafika ku Durban ndi umene umadya ndalama zambiri kwa ife, mwina kuposa sitimayo. Pa ndege mumakwerera ku Chileka kukatsika pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg, maola awiri ndi pang'ono, kenako ndege ina ya ola limodzi kapena basi ya makilomita pafupifupi 570 kutsetserekera ku Durban. Basi yochokera ku Blantyre ndiyo yotchipa, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, koma ndi ulendo woposa tsiku lathunthu ndipo pa malire aliwonse mumatsika. Ndi ana awiri, ganizani kawiri. Njira iliyonse mungasankhe, mukafike ku Durban dzulo lake, mugone kumeneko. Sitima si minibasi ya ku Limbuli yoti idikire kudzaza. Ikakwana nthawi imachoka pa Nelson Mandela Cruise Terminal, ndipo wochedwa ndalama zake zapita. Usiku umenewo muulembenso m'kope muja, pamodzi ndi wa pobwerera.

M'sitimamo mitengo ndi ya madola. Chakudya cha m'malo odyera akuluakulu chili kale mu tikiti, ndipo n'chambiri moti ana anu adzatopa nacho. Madzi akumwa, khofi ndi tiyi pamalo odzitengera chakudya n'zaulere, ngakhale kuti munthu wokulira pakati pa minda ya tiyi ngati ine ndinangomwa mwaulemu. Zoziziritsa kukhosi, mowa, intaneti, zithunzi zimene amakujambulani, zonsezo n'zolipira, ndipo simutulutsa ndalama m'manja, mumangopereka kakhadi ka chipinda. Apa ndi pamene anthu amalira tsiku lotsika. Kakhadi ka ana muuze a pa ofesi akatseke kuti kasagule kanthu. Mtolo wa zakumwa umene amagulitsa ulendo usanayambe umapindulira munthu womwa kwambiri. Ngati kwanu n'kwa Fanta mmodzi pa chakudya, usiyeni. Foni muiike pa flight mode, kuti isagwire netiweki, mukangochoka padoko, chifukwa netiweki ya panyanja imadula zoopsa.

Mukawerengera zonse n'kuona kuti zakwera kupitirira thumba, musachite manyazi kuyamba ndi Ilala. Yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, kuchokera ku Monkey Bay kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay mpaka Chilumba. Mulibe dziwe losambiramo kapena zisudzo za usiku, ndipo muyambe mwafunsa ngati ikuyenda sabata imeneyo, koma ili ndi zipinda zogona, mumalipira makwacha, ndipo pasipoti sifunika. Ana akaona Likoma ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's chija sadzaiwala.

Kope langa la ulendo uja ndikadali nalo, ndinalemba chilichonse mpaka ndalama ya kabaza. Loweruka ndikhala ndili pa Chitakale kugula zinanazi cha m'ma 10 koloko. Mundiimbire ndibwere nalo, inu mubwere ndi mapasipoti tione masiku ake.