Akuti ana athu akulowa ku TJ mwachisoni

Imelo ya mayi mnzathu wa ku Prince William, dera la ku Virginia ku America, yagona masiku anayi osayankhidwa, chifukwa ndikangoitsegula mtima umayamba kuwawa. Mwana wawo wamkazi ali giredi 8, masamu amawakonda, ndipo akufuna kufunsira malo ku Thomas Jefferson High School for Science and Technology, ija timangoti TJ. Koma wina kutchalitchi wawauza kuti sukuluyo inalowa pansi chisinthireni kasankhidwe, ndipo ana akuda akungolowako mwachisoni. Ndiye akufunsa kuti, ndimulole, kapena akangozunzikako?

Mayi, liwu lakuti "mwachisoni" limenelo landisowetsa tulo. Ndinalimvapo kale, likunenedwa kwa ine.

Ine Sitandade 8 ndinalemba kawiri. Ulendo wachiwiri dzina langa linatuluka, koma ku CDSS, mtunda wa maola awiri wapansi kuchokera kwathu. Labotale kunalibe. Aphunzitsi athu a sayansi, bambo wofatsa amene malaya ake ankakhala oyera ndi choko, ankajambula botolo pabolodi n'kutiuza kuti titseke maso tiyerekeze madziwo akusintha mtundu kukhala ofiirira. Tsiku lina anabwera ndi mandimu, phulusa losungunula ndi madzi a maluwa ofiira, n'kuthira m'mabotolo a Fanta odula pakati. Madzi aja atasinthadi mtundu kalasi yonse inakuwa ngati kwagoletsedwa chigoli. Kuyesa kwa sayansi kumene ndinaona ndi maso anga m'zaka zinayi kunali kumeneko.

Nditalowa ku koleji ndinakumana ndi anzanga ochokera m'sekondale zikuluzikulu zaboma zogonera konko, ogwira zipangizo ngati agwira chikho cha pakhomo pawo. Ine manja ankanjenjemera. Mnyamata wina ananena mokweza, ine ndili pomwepo, kuti ena abwera kuno chifukwa cha boma lochokera. Ndinakalira kuchimbudzi. Teremu yoyamba ndinakhoza mopereweza, sindibisa. Koma pofika chaka chachiwiri ndinali ndawapeza, ena kuwapitirira. Mutu unali womwewo umene ndinachoka nawo kumudzi. Chimene chinasintha n'chakuti ndinagwira zipangizo ndi manja anga. Amene munakhala ku Malawi nthawi ya mkangano wa kota, njira ija yosankhira ophunzira potengera boma lochokera, mpaka boma linaithetsa mu 2020, mukudziwa momwe nkhani zotere zimadanitsira anthu apachibale.

Tsono tibwere ku TJ. Ndi sukulu yaboma, ili m'dera la Fairfax ku Virginia, ndipo inayamba kukhala ya sayansi mu 1985. Kwa zaka zambiri munthu ankalowako polemba mayeso ovuta, atalipira madola 100. Mu 2020, pa ana 486 amene anapatsidwa malo, akuda sanakwane ndi 10 omwe, moti akuluakulu sanalembe n'komwe nambala yawo. Pa ana 100 aliwonse, pafupifupi 73 anali a mabanja ochokera ku Asia, ndipo ochokera m'mabanja osauka sankakwana ngakhale mmodzi. Chaka chomwecho anachotsa mayeso ndi ndalama zija, anakweza malo kufika 550, n'kulamula kuti sukulu iliyonse yaboma ya giredi 8 isungiridwe malo okwana 1.5 peresenti ya ana ake. Gulu loyamba la 2021 linasinthadi: a ku Asia pafupifupi 54 pa 100, akuda 7, olankhula Chisipanishi 11, azungu 22, ndipo ana osauka anafika 25 pa 100.

Makolo ena, ambiri a iwo ochokera ku Asia, anapanga gulu la Coalition for TJ n'kukasuma. Mu 2022 woweruza Claude Hilton anawaikira kumbuyo, mu 2023 khoti la apilo linatembenuza chigamulocho, ndipo mu February 2024 Khoti Lalikulu la America linakana kumva mlanduwo, ngakhale oweruza Samuel Alito ndi Clarence Thomas sanagwirizane nazo.

Apa ndiime kaye, chifukwa pali kalankhulidwe kena pakati pathu kamene sindikondwa nako. Amwenye, Atchaina ndi Akoreya si adani athu. Ambiri anabwera ndi sutikesi imodzi ngati ife, amagwira ntchito ziwiri, ndipo ndalama yoti akanagula galimoto amaiika m'makalasi a Loweruka. Kholo lotere likauzidwa kuti ana a mtundu wake achuluka, liyenera kumva kuwawa, ndipo ine ndimalimvetsa. Koma onaninso ichi: ana osauka a ku Asia amene anapatsidwa malo anachoka pa mmodzi kufika pa 51. Mwana wa mayi wometa tsitsi kapena woyendetsa takisi nayenso ankatsalira kunja.

Nanga zakhoza bwanji? Apa sindikunamizani. Pa mpikisano wa National Merit, wolimbirana thandizo la maphunziro a ku koleji, umene umachokera pa mayeso a dziko lonse otchedwa PSAT, ana a TJ ofika m'ndime yachiwiri anatsika kuchoka pa 165 kufika pa 81 pamene gulu loyamba lija linalemba. Kutsika kumeneko n'kwenikweni. Pa mndandanda wa masekondale ochita bwino m'America umene amatulutsa atolankhani a U.S. News, sukuluyi inali nambala 1 mu 2022, inafika pa 5 mu 2023 ndi pa 14 mu 2024, ngakhale kuti mndandandawo umawerengera zotsatira za zaka zam'mbuyo, za ana amene ambiri analowa m'njira yakale. Koma ganizani bwino. Mukasiya kusankha ana poona mayeso, odziwa kukhoza mayeso ayenera kuchepa. Ana anzeru aja sanafe, ali m'sukulu zina za Fairfax ndipo akukhozabe. Nambala imeneyo ikunena za amene analowa pakhomo, osati za zimene aphunzitsi akuwachitira atalowa.

Ndipo ndikamalemba pano maganizo anga akulimbirabe. Sukulu yomangidwa ndi misonkho ya anthu onse, imene mwana wosauka sakwana mmodzi pa 100, siikuyeza nzeru zokha. Ikuyezanso thumba la kholo ndi msewu umene banja limakhala. Sindidzavomera kuti nzeru za masamu zinagawidwa potsata adiresi. Ndinakhala pabenchi imodzi ndi mtsikana wondiposa kutali amene anakwatiwa ali Fomu 2 chifukwa fizi inasowa. Palibe mndandanda umene unamuwerengapo.

Zoti muchite, mayi

Pa fomu osankha ana saona dzina kapena mtundu wa mwana, choncho za chisonizo muzitaye. Mwanayo afunika GPA, kapena kuti avereji ya magiredi ake, yosachepera 3.5 ndipo akhale akuphunzira Algebra I kapena kuposera pamenepo. Adzalemba za iye mwini komanso kufotokoza m'mawu mmene wathetsera funso la masamu kapena sayansi, ndiye azolowere kulemba njira, osati yankho lokha. Onanani ndi mlangizi wa pasukulu pake sabata ino, chifukwa mafomu amatsekedwa m'miyezi yoyambirira ya chaka cha sukulu.

Chimene ndikuopera si khungu lake, ndi masamu. Kumeneko akapeza anzake amene anamaliza kale Geometry ndi Algebra II, ndipo teremu yoyamba ikamupweteka monga inandipwetekera ine. Mumuuziretu zimenezo, kuti akabwera ndi C asaganize kuti munthu wakutchalitchi uja ananena zoona. Ulendo wa basi kuchokera ku Prince William nawonso ndi wautali, adzadzuka kukadali mdima.

Koma mumulole afunsire. Ndipo tsiku lotumiza fomu, mukhale naye pambali pa kompyutapo.