Akatseka Bua ndi damu, dimba la bambo anu alilipira ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Nkhotakota, amene bambo ake amalima m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Akuti kumudzi kukumveka mphekesera za damu la magetsi, ndiye akufunsa kuti: "Akatisamutsa, si boma litipatsa chipukuta misozi? Nanga tide nkhawa ndi chiyani?"

Mayi, zikomo polemba. Bua wakhala akutchulidwa kwa zaka zambiri pa mitsinje yomwe ingatipatse magetsi, ndipo chifukwa chake nchomveka. Pafupifupi magetsi athu onse opangidwa ndi madzi amachokera mu Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linadziwa mdima. Choncho ine damu sindidana nalo.

Chondidetsa nkhawa ndi kalembera wa katundu. Owerengera akabwera amaona nyumba, nkhokwe, khola, mitengo ya mango. Zimenezo amazilemba, mtengo wake amaupeza. Koma dimba la bambo anu silili ngati munda wa kumtunda. Chonde chake chimabwera ndi matope omwe mtsinje umasiya ukasefukira, ndipo chinyezi chake ndicho chimawapatsa chimanga chachiwisi mu Okotobala, anzawo nkhokwe zitayamba kupepuka. Akawapatsa maekala ofanana pamtunda wouma, papepala pamaoneka kuti abwezeredwa, pomwe zokolola zachilimwe zapita.

Ku Kariba zinatero. Damulo litamangidwa pa Zambezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa (Atonga a kuchigwa cha Gwembe, osati anzathu a m'mbali mwa nyanja kuno). Anthu omwe ankakolola kawiri pachaka anakaikidwa pa nthaka yosabereka, manda a makolo awo namira, ndipo midzi yambiri inakhala zaka zochuluka osaona ndi babu lomwe.

Palinso ena amene sawerengedwa nkomwe chifukwa madzi safika pakhomo pawo: alimi a mpunga a kumunsi, ndi asodzi. Mpasa imachoka m'nyanja nkukwera Bua kukaikira mazira, ndipo khoma likaima panjira, ulendowo wathera pomwepo. Madzi odikha nawo amakoka udzudzu ndi nkhono za likodzo.

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu chonchi iyambe yaunikidwa, anthu okhudzidwa nafunsidwa maganizo. Misonkhano imeneyo musaisiyire amfumu okha. Pitani ndi bambo, ndiponso azimayi alankhule, poti madimba ambiri amalima ndi iwo. Pemphani malo olowa m'malo mwa malo, ndipo mukawaone ndi maso anu nthawi yachilimwe musanavomere; ndalama ya m'manja siichedwa kusungunuka. Za manda, mjigo ndi sukulu zilembedwe. Ndipo kuyambira lero, jambulani dimbalo pafoni nyengo iliyonse, mbewu zili m'munda, nkulemba m'kope matumba omwe bambo akolola.