Makina oyezera magazi otsika mtengo: mugule kapena ayi?

Amayi ena andilembera imelo. Akutsegula kachipatala kakang'ono, ndipo wogulitsa wina akuwanyengerera kuti atenge makina owerengera magazi, aja a full blood count, owerenga maselo a m'magazi, pamtengo wotsika kwambiri. Akufunsa ngati angagule. Amayi, kalata yanu yandikhudza, chifukwa dzenje limeneli ndinagwamo ine ndemwe.

Ndinali nditangoyamba kuyang'anira labotale pomwe makina athu anafika, m'bokosi lamatabwa, okutidwa ndi pulasitiki, onyezimira. Wogulitsa anatiphunzitsa masana amodzi n'kumapita. Miyezi yoyamba tinasangalala. Mwana akabwera wotumbuluka m'manja ndi m'zikope, tinkatenga magazi, ndipo pakangotha mphindi imodzi kapepala katuluka, adokotala adziwa ngati mwanayo afunika kuikidwa magazi. Kenako botolo la lyse, mankhwala amene makinawa amasakaniza ndi magazi powayeza, linatha. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti makina ambiri otere amangolandira ma reagent, kapena kuti mankhwala oyezera, a kampani imene inawapanga. Ena amawerenga barcode ya pabotolo, ukaika la kampani ina amakana kudzuka. Wogulitsa uja analibe botolo ngakhale limodzi. Anati akuitanitsa kunja. Foni zanga anayamba kuziyankha mwa apo ndi apo, kenako anasiyiratu.

Tinabwerera ku ntchito yamanja, kuwerenga maselo pa maikolosikopu mpaka maso kufiira, odwala ali pamzera. Sindiiwala bambo wina amene anakhala pabenchi tsiku lonse atanyamula mkazi wake, kudikira zotsatira zomwe makinawo akanatulutsa asanakhale n'komwe pansi. Makina ali pakona, tawafunditsa nsalu. Ma reagent atafika, timachubu tam'kati tinali titauma n'kutsekeka, ndipo injiniya wodziwa kuwakonza anayenera kubwera pandege kuchokera kudziko lina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake lero sindinyengerera. Wogulitsa amene alibe injiniya wakewake komanso ma reagent m'nyumba yosungiramo katundu ndi wogulitsa mabokosi basi, ndipo kumupatsa ndalama za chipatala n'kulakwira odwala. Mtengo wa makina umatsitsidwa dala, chifukwa phindu lenileni amalipeza pa ma reagent aja, monga diluent, lyse ndi cleaner, amene mudzagula mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri.

Ndipo vutoli silili pa zogula zokha. Zopatsidwa mwaulere nazo zimandiwawa. Makina opangidwira magetsi a 110 V amafika kumene magetsi ndi a 230 V, opanda buku lake, opanda chosinthira china chilichonse. Mu 2011 akatswiri awiri a ku Duke University, Lora Perry ndi Robert Malkin, atawunika zipangizo zoposa 100,000 za m'zipatala za m'mayiko 16 osauka, anapeza kuti pafupifupi 38 pa 100 zilizonse sizinkagwira ntchito. Chaka chomwecho bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a kaperekedwe ka zipangizo zachipatala, ndipo mtima wake ndi woti wolandira ndiye azinena chimene akufuna. Ngakhale makina abwino ngati GeneXpert, amene WHO inavomereza mu 2010 kuti aziyezera TB, amafuna chisamaliro: ma cartridge ake, timabokosi toikamo makhololo oti ayezedwe, sayenera kutentha kupitirira madigiri 28, ndipo magetsi akathima pakati pa kuyeza, cartridge imeneyo yawonongeka. Popanda UPS, chipangizo chopereka magetsi kwa kanthawi akathima, mudzataya ma cartridge ambiri. Maikolosikopu nayo, imene timaiona ngati yolimba, imamera nkhungu m'magalasi mukaisiya pachinyezi. Yanga ndimaitsekera m'bokosi pamodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi madzulo aliwonse, ndipo wophunzira aliyense amene wadutsa m'manja mwanga amadziwa kuti galasi lake la 100x, limene timayang'anira ndi mafuta apadera, salisiya ndi mafutawo usiku.

Tsono mugule?

Werengani kaye odwala amene mungawayeze patsiku. Akakhala ochepa, ma reagent, komanso magazi a control oyesera ngati makina akuwerenga molondola, amene amasungidwa mufiriji ndipo sachedwa kutha mphamvu, adzakutherani musanawagwiritse ntchito. Pachipatala chaching'ono makina a 3-part differential, ogawa maselo oyera a m'magazi m'magulu atatu, ndi okwanira; a 5-part, owagawa m'magulu asanu, asiyeni kaye. Funsani ngati pali mgwirizano woti akuikireni makina, inu muzingogula ma reagent kwa iwo, kukonza kukhale kwawo. Zonse zilembedwe: injiniya adzafika patatha masiku angati, adzaphunzitsa antchito angati, chitsimikizo chake ndi cha zaka zingati. Ndipo musanasaine, pemphani wogulitsayo akupatseni labotale ina imene yagwiritsa ntchito makina omwewo kwa zaka ziwiri. Mupiteko nokha, mukalankhule ndi amene amawayatsa m'mawa uliwonse, osati abwana, ndipo mukawapemphe akuonetseni buku lolembamo masiku amene makinawo anaima.